Pulogalamu ikalakwitsa chord, adziwa ndani?

Ikani nyimbo mu Chordify kapena pulogalamu ina yamtundu wake, ndipo posakhalitsa ikupatsani ma chord onse, magulu a manoti olizidwa pamodzi, ali pamzere. Imbirani Melodyne kapena Basic Pitch ya Spotify, mawu anu asanduka manoti oti mungathe kuwakokera m'mwamba kapena pansi. MuseScore, yomwe ndi yaulere, imalemba manotiwo mwaukhondo kuposa dzanja la munthu. Ndiye amene akuyamba kumene kupeka nyimbo akamafunsa kuti theory, maphunziro a kamangidwe ka nyimbo, ndi yachiyaninso, funso lawo si lachibwana. Maganizo anga ndi akuti mapulogalamuwa ndi abwino, agwiritsidwe ntchito ndithu. Koma amalakwitsa kawirikawiri, amalakwitsa m'malo omwewomwewo, ndipo sanena kuti apa ndaphonya. Theory imene wopeka nyimbo akufunikira ndi yomuthandiza kuona zolakwikazo n'kuzikonza. Si yambiri monga anthu amaopera, komanso si yoti n'kungoilumpha.

Tiyambe ndi kiyi, kutanthauza noti imene nyimbo imapumirapo pamodzi ndi sikelo yake, poti zina zonse zimatsamira pamenepo. Mapulogalamu ambiri amaipeza powerengera. Octave imodzi, kuchoka pa C kufika pa C wotsatira, ili ndi manoti 12, ndipo pulogalamu imaphatikiza nthawi imene noti iliyonse yamveka m'nyimbo yonse. Ikatero imayerekeza zotsatirazo ndi makiyi 24, a major 12 ndi a minor 12, n'kusankha imene yafanana nayo kwambiri. Njira yotchuka imachokera pa kafukufuku wa Carol Krumhansl ndi Edward Kessler wa mu 1982, amene ankafunsa omvera kuti noti iliyonse ikumveka yoyenera motani m'kiyi inayake. Njirayi ndi yanzeru, koma imawerenga kuchuluka kwa manoti, osati malo amene nyimbo ikupumira. C major ndi A minor zili ndi manoti 7 ofanana ndendende, mabatani oyera okhaokha pa kiyibodi. Pulogalamu ikasakaniza ziwirizi palibe chodabwitsa.

Chovuta kwambiri ndi nyimbo yoyenda G, F, C, G, n'kumabwereza. Khutu la aliyense limamva kuti kwawo kwa nyimboyi ndi pa G. Pulogalamu ikawerenga manoti inena kuti C major, poti palibe F#, ndipo yaphonya kwawoko. Ikanena kuti G major, inu n'kutsekera sikelo imeneyo mu Auto-Tune, pulogalamu yowongola mawu a woimba, F aliyense wa woimba akankhidwira pa F# kapena pa E ndipo nyimbo iwonongeka. Mayankho onse awiri ndi olakwika. Wodziwa theory pang'ono amazindikira kuti iyi ndi sikelo ya G yokhala ndi noti ya 7 yotsitsidwa, imene mabuku amaitcha Mixolydian, ndipo amasankha manoti ndi dzanja. Kutsimikiza kiyi n'kosavuta: imitsani nyimbo pakati, ng'ung'udzani noti imene mukumva kuti ingathere, muipeze pa kiyibodi. Kenako onani noti ya besi kumapeto kwa mzere uliwonse. Mukamakayikira pakati pa C major ndi A minor, funani G# yotsogolera ku A, chifukwa ikapezeka nthawi zambiri ndiye kuti muli mu minor.

Pa ma chord vuto limayambira m'chilengedwe cha mawu. Chida chikaliza noti imodzi sichitulutsa kunjenjemera kumodzi. C wotsika wa 65 Hz (kunjenjemera ka 65 pa sekondi) amabwera ndi ana ake: 131 Hz yemwe ndi C wina, 196 Hz yemwe ndi G, 262 Hz C winanso, ndi 327 Hz yemwe ali pafupi kwambiri ndi E. Khutu limaziphatikiza n'kumva noti imodzi, pomwe pulogalamu imaona C, G ndi E, chord yathunthu ya major pamalo pamene woimba wangogunda chingwe chimodzi. N'chifukwa chake pa chord ya A minor mapulogalamu ena amasinthasintha pakati pa Am ndi A: mwana wachinayi wa noti ya A ndi C#, ndipo gitala ikakhala ndi distortion mwanayu amamveka kwambiri mpaka kulimbana ndi C weniweni amene waimbidwa.

Besi nayo ili ndi vuto lakelake. Pulogalamu imadula nyimbo m'tizidutswa kuti ione manoti ali m'kati. Pa nyimbo yojambulidwa pa 44,100 Hz, kachidutswa ka masampo 4,096 kamatenga pafupifupi mamilisekondi 93, ndipo kamagawa mawu m'timagulu totalikirana pafupifupi 11 Hz. Koma E wotsikitsitsa wa gitala ya besi ali pa 41.2 Hz, F woyandikana naye ali pa 43.7 Hz, kusiyana kwake sikufika ndi 3 Hz komwe. Mukatalikitsa kachidutswako kuti manotiwa asiyane bwino, manoti othamanga amasakanikirana. Akatswiri ali ndi njira zochepetsera vutoli, koma silitheratu. Tsoka lake n'lakuti besi ndiyo imapatsa chord dzina. C, E, G, A ndi C6 besi ikakhala pa C, ndipo manoti omwewo ndi Am7 besi ikakhala pa A. Chord ya C yokhala ndi E pansi imatha kulembedwa ngati Em, ndipo woimba gitala akatsatira pepalalo mwachimbulimbuli aliza B pamene nyimbo ikufuna C.

Palinso pepala lodzaza ndi mayina oopsa: C, Cadd9, C, Csus4, C6, zonse mu bar imodzi. Nthawi zambiri chord ndi imodzi basi, C. Zinazo ndi manoti odutsa a chuni, D, F ndi A amene woimba wawaponda popita kwina, koma pulogalamu yawatenga ngati ziwalo za chord. Amene waphunzira kuti noti yodutsa imagwa kawirikawiri pa biti yofooka ndipo imayenda sitepe imodzi kuchoka pa noti ya chord kupita pa ina, amafufuta mayina anayiwo n'kutsala ndi limodzi. Kalembedwe nako kamasokonekera. MIDI, njira imene zida ndi makompyuta amatumizirana manoti, yomwe inakhazikitsidwa mu 1983, imadziwa manoti ndi manambala kuyambira 0 mpaka 127. C wapakati ndi 60, ndipo 61 ndi 61 basi, kaya ndi C# kaya ndi Db. Mukasamutsira MIDI ku pulogalamu yolemba manoti mutha kupeza chord ya D major italembedwa D, Gb, A. Kompyuta iiliza bwinobwino, koma woimba wowerenga pepala apunthwa, chifukwa diso lake limayembekezera D, F#, A.

Pa liwiro, cholakwika chofala ndi kuwerenga nyimbo ya mabiti 70 pa mphindi ngati ya 140, ndipo chimenecho n'chosavuta kukonza. Chimene chimapha nyimbo ndi quantize, batani lokokera manoti pa mizere ya nthawi. Pa liwiro la 120, biti imodzi ndi mamilisekondi 500. Mukaigawa panayi, mizere ili pa 0, 125, 250 ndi 375. Mukaigawa patatu, manoti ali pa 0, 167 ndi 333. Woimba ng'oma akaimba zogawa patatu inu n'kusiya quantize pa zogawa panayi, noti ya 167 ikokedwera pa 125 ndipo ya 333 ikankhidwira pa 375. Manoti atatu amene anali otalikirana mofanana tsopano akutsimphina, ndipo wosadziwa chachitika angaganize kuti wolakwa ndi woimbayo. Chimodzimodzi 6/8 ndi 3/4: zonse zili ndi timanoti 6 mu bar, koma ina imatigawa titatutitatu, ina tiwiritiwiri. Nyimbo zambiri zovina zimayendetsa zonse ziwiri nthawi imodzi, manja kuwomba patatu pomwe ng'oma ikugunda pawiri, ndipo pulogalamu imakakamizika kusankha chimodzi. Nyimbo ikayambanso ndi manoti otsogolera biti yoyamba isanafike, pulogalamu imatha kuwaika pa 1, mizere yonse ya ma bar n'kusuntha mpaka kumapeto.

Kumene kusadziwa theory kumaonekera poyera ndi popanga mawu achiwiri. Njira yachidule ndi kukopera chuni n'kuchikweza ma semitone 4 (semitone ndi mtunda wochoka pa batani limodzi la kiyibodi kufika pa loyandikana nalo, loyera kapena lakuda). Mu C major, C apita pa E, zili bwino, koma D apita pa F# ndipo E apita pa G#, manoti akunja kwa kiyi. Mapulogalamu abwinoko amatsatira sikelo, kotero D amalandira F ndipo E amalandira G. Koma nawonso amagwa pamene woimba wakhalitsa pa G, chord ili C. Sitepe ziwiri pamwamba pa G ndi B, ndipo B ameneyu akangana ndi C wa zida mpaka notiyo ithe. Noti yoyenera pamenepo ndi C. Chimodzimodzi chuni chikakhala pa C, chord ili F: pulogalamu ipereka E pomwe pakufunika F. Lamulo lake ndi lalifupi, pa manoti otalika yang'anani chord, osati chuni chokha. Harmonizer zina, zomwe ndi mapulogalamu opangira mawu achiwiriwa, zimalola kuti muziuze ma chord kudzera pa kiyibodi, ndipo zikatero zimachita bwino, koma ma chordwo muyenera kuwadziwa ndinu.

Kayendedwe ka mawu nako n'kofunika. Mapulagini opereka chord pa batani limodzi, mukapanda kuwasintha, amaliza C, E, G kenako F, A, C, mawu onse kudumpha ma semitone 5 nthawi imodzi. Pa piyano zimapiririka. Kwa kwaya n'kuzunza anthu, pomwe njira yofewa ilipo: C akhale pomwepo, E akwere pa F, G akwere pa A. Pochoka pa G7 kupita pa C, manoti amene akukoka khutu ndi B ndi F, otalikirana ma semitone 6, ndipo amafuna kuti B akwere pa C, F atsike pa E. Mukawadumphitsa kwina, mapeto a mzere amamveka osatsekeka ngakhale mayina a ma chord ali olondola. Kompyuta sidziwanso malire a mmero wa munthu pokhapokha itauzidwa. Kwa kwaya wamba, sopulano amakhala bwino pakati pa C4 (C wapakati, nambalayo imasonyeza octave) ndi G5, alto G3 ndi C5, tena C3 ndi G4, besi F2 ndi C4. Manoti awiri oyandikana kwambiri pansi, monga C2 ndi E2 pa 65 ndi 82 Hz, amangopanga matope, choncho besi imafuna mpata waukulu pakati pa iyo ndi tena. Lipenga la pakompyuta limatha kugwira noti ma bar 8 osapuma, koma munthu ali ndi mapapo. Ndipo lipenga la Bb likawerenga C limatulutsa Bb. MuseScore ili ndi batani la Concert Pitch losamalira zimenezi, koma amene sadziwa ntchito yake angathe kupatsa woimba lipenga manoti a piyano, gulu lonse n'kumadabwa kuti bwanji akumveka pansi pa anzake.

Pa nkhani ya machunidwe, ndiyenera kunena kuti theory ya m'mabuku nayonso ili ndi mlandu. Mapulogalamu ambiri amayambira pa A wa 440 Hz ndi ma semitone 12 ofanana, iliyonse ya masenti 100. Pa piyano, kuchoka pa C kufika pa E ndi masenti 400. Koma mawu awiri amalowana bwino kwambiri pa 386, ndipo kwaya yabwino yoimba popanda zida imatsitsa E wake yokha kulowera kumeneko. Melodyne ionetsa kuti alto watsika ndi masenti 14, ndipo mukamukweza mwachotsa kukoma kumene oimbawo anakupeza ndi khutu. Kwina kusiyanako n'kwakukulu. Nyimbo zachiarabu zili ndi manoti okhala pakati pa batani loyera ndi lakuda. Sikelo ya slendro ya ku Java imagawa octave m'masitepe 5 a pafupifupi masenti 240. Timbila za Achopi a ku Mozambique zimaigawa m'masitepe 7 ofanana kapena kuyandikira kufanana, pafupifupi masenti 171 iliyonse. Auto-Tune, imene inatuluka mu 1997, mukaisiya pa ma semitone 12 iona zonsezi ngati zolakwika. Buku lotsata njira ya Jean-Philippe Rameau, amene analongosola ma chord mu 1722, nalonso silikuthandizani pamenepa, poti iye ankafotokoza nyimbo za kwawo ndi za nthawi yake. Theory imene ndikuiteteza pano ndi kudziwa mmene nyimbo imene ili patsogolo panu yamangidwira, osati kukakamiza nyimbo zonse kuti zifanane ndi za ku Ulaya.

Nanga mapulogalamu opeka okha? Si achilendo. Mu 1957 Lejaren Hiller ndi Leonard Isaacson a pa University of Illinois anatulutsa Illiac Suite, nyimbo imene kompyuta inasankha manoti ake potsatira malamulo omwe iwo anaiuza. Band-in-a-Box yakhala ikupanga zida zoperekeza kuyambira mu 1990, bola muilembere ma chord. DeepBach ya mu 2017 inaphunzira pa nyimbo za kwaya mazana angapo za Bach n'kumalemba mawu anayi ofanana ndi ake. Lero Suno ndi Udio zimapereka nyimbo yathunthu mukangolemba chiganizo. Mapulogalamu ophunzira pa nyimbo zakale amakonda kusankha chimene chimabwera kawirikawiri pambuyo pa chinzake, ndiye zotuluka zake zimamveka zolondola koma zozolowereka. Komatu malo amene nyimbo imagwira mtima nthawi zambiri ndi pamene yachita zosayembekezereka pa nthawi yoyenera. G akapita pa Am m'malo mwa C, khutu limene linkayembekezera kufika limakakamizidwa kudikira mzere wina. F akasanduka Fm musanabwerere pa C, pasintha noti imodzi yokha, A kutsika pa Ab, koma mzere wonse umalemera. Amene watsekera kiyibodi yake pa C major kuti asalakwitse, Ab ameneyu sadzamupeza mpaka kalekale. Ndipo nyimbo yopekedwa ndi makina ikafika kwa woimba weniweni, iye n'kunena kuti kolasi yakwera kwambiri kapena mzere wachitatu ukufuna chord ina, wosadziwa theory amangodinanso batani n'kumayembekezera mwayi.

Otsutsa amanena kuti oimba ambiri otchuka sanawerengepo noti. N'zoona. Koma anthu amenewo anakhala zaka akumvetsera nyimbo za ena, kubwezera m'mbuyo, kufufuza chord ndi zala mpaka aipeze. Theory anali nayo m'manja ndi m'khutu, chosowa chinali mayina okha. Ntchito yotopetsa imeneyi ndi imene pulogalamu imakuchotserani, ndipo ndi imene inkanola khutu. Aphunzitsi ena nawonso anaipitsa mbiri ya theory poloweza ana kuti E major ili ndi ma sharp 4 asanawamvetse n'komwe mmene E major imamvekera. Wophunzira wotere akathawira ku pulagini sindimuimba mlandu.

Zofunika kuphunzira si zambiri. Choyamba ndi kamangidwe ka sikelo ya major, masitepe a ma semitone 2, 2, 1, 2, 2, 2, 1 kuyambira pa noti iliyonse, ndi kutchula manoti ake ndi manambala kapena ndi do, re, mi monga mu tonic sol-fa imene John Curwen anaifalitsa ku England m'zaka za m'ma 1800. Ubwino wa manambala ndi wakuti G, C, D mu kiyi ya G ndi C, F, G mu kiyi ya C zimaoneka kuti n'chinthu chimodzi, 1, 4, 5. Kenako kamangidwe ka chord: ma semitone 4 kenako 3 ndi major, 3 kenako 4 ndi minor, ndipo mu sikelo ya major ma chord a pa 1, 4 ndi 5 ndi a major, a pa 2, 3 ndi 6 ndi a minor. Onjezani kutembenuza chord kuti noti ina ikhale pansi, njira zotsekera mzere, ndi kusiyanitsa biti yogawika pawiri ndi yogawika patatu. Chilichonse mwa izi chiphunziridwe chikumveka, pakamwa ndi pa kiyibodi, osati papepala pokha.

Apa ndi pamene pulogalamu imakhala mphunzitsi wabwino zedi, malinga mutaiika kumapeto osati koyamba. Tengani ma bar 8 a nyimbo imene mumaikonda. Pezani do ndi pakamwa. Lembani chuni m'manambala, kenako mvetserani besi yokha n'kulemba noti yake yoyamba mu bar iliyonse. Kuchokera pa besiyo ganizirani ma chord, muwalize limodzi ndi nyimboyo kuti mumve ngati akugwirizana. Mukamaliza zonsezi m'pamene muipatse pulogalamu. Pamene mwagwirizana nayo dutsani. Pamene mwasiyana m'pamene pali phunziro, ndipo musafulumire kuganiza kuti wolakwa ndinu. Chepetsani liwiro la bar imeneyo ndi theka, onani ngati besi ili pa noti imene pulogalamu yanena, onani ngati noti yowonjezera ili ya chord kapena ya chuni chodutsa, lizani ma chord onse awiri motsatizana pansi pa nyimboyo. Sonic Visualiser, yaulere, yochokera ku Queen Mary University of London, imaonetsa mawu ngati chithunzi, ndipo pamenepo mutha kuona ndi maso kuti E amene wasokoneza pulogalamu ndi mwana wa C, osati noti yoimbidwa.

Mukamaipatsa mawu anu kuti iwasandutse manoti, ipeputsireni ntchito. Jambulani munthu mmodzi kapena chida chimodzi, pafupi ndi maikolofoni, popanda reverb, chifukwa reverb imasiya mchira wa noti yapita uli pamwamba pa yotsatira ndipo pulogalamu imalemba manoti awiri. Imbani motsatira click, kaphokoso kosunga liwiro, ndipo liwiro ndi kiyi muziike nokha m'malo moisiya iganize. Woimba wonjenjemeretsa mawu kwambiri amaduliridwa noti imodzi kukhala tizidutswa tambiri, choncho kwezani malire a kufupika kwa noti kuti tizidutswato tilumikizane. Ngati nyimbo ndi yosakanizidwa kale, mapulogalamu monga Spleeter ndi Demucs amalekanitsa mawu, ng'oma ndi besi, koma amasiya zinyalala zimene zingaoneke ngati manoti, makamaka pamene gitala ndi woimba ali pa noti imodzi. Nyimbo zakale zojambulidwa pa tepi nthawi zina sizikhala pa 440 Hz, ndipo zikakhala pakatikati pa ma semitone awiri pulogalamu imalumphalumpha pakati pa makiyi awiri oyandikana, choncho yesani kaye noti imodzi yotalika ndi tuner n'kusintha machunidwe a pulogalamuyo. Quantize muiyambe pa mphamvu ya 50 peresenti, mutatsimikiza kaye ngati biti ikugawika patatu kapena panayi, ndipo manoti amene woimba anawachedwetsa dala muwachotse pa zosankhidwazo musanadine batani.